Mmisiri Amaonekera Pangodya

Mukafuna kudziwa ngati womanga nyumba ndi mmisiri weniweni, musataye nthawi kuyang'ana pakati pa khoma. Pakati aliyense angayale njerwa, bola chingwe chikhalepo. Pitani pangodya. Imani pafupi, mutsinzine diso limodzi, muyang'ane m'mphepete mwa njerwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Ngodya ikaima njo, yosapendekera uku kapena uku, dziwani kuti pamenepo padutsa munthu wodziwa ntchito yake.

Zimenezi ndinaziphunzira kwa bambo wina wa imvi zapatalipatali amene ndinawaonerera milungu ingapo m'chilimwe, akumanga mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi m'munsi mwa phiri lina mumzinda wa Chipata. Eni puloti anali amayi ena opuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo zipindazo ankamangira ana a m'makoleji oti azidzachita lendi. Pamalopo panalibe chikwangwani cha kontilakita, panalibenso makina. Panali amisiriwo, mnyamata wokanda daka, wilibala, fosholo, levulo, chingwe, ndi mpeni womangira umene chogwirira chake chinachita kusalala ndi thukuta la zaka zambiri.

Aliyense wodutsa mu Chipata masiku ano aona kuti mzindawu uli pakalikiliki. Njanji yochokera ku Mchinji inafika mu 2010. Msewu wa Great East unakonzedwanso kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami. Mu Febuluwale 2017 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti tauni imene kale inkatchedwa Fort Jameson tsopano ndi mzinda, ndipo mu Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema wa Zambia ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera wa Malawi anatsegulira limodzi maofesi atsopano a pamalire a Mwami ndi Mchinji. Chaka chomwecho ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, maphunziro aulere n'kudzaza makalasi mpaka kufunika ena atsopano. Izi ndi zomwe zimamveka pa wailesi. Koma njerwa zochuluka zikuyalidwa kuseri kwa mipanda ya anthu wamba. Achinyamata ochokera ku Lundazi, ku Petauke, ku Katete ndi ku Chadiza amabwera kudzaphunzira pa Chipata College of Education, pa Chipata Trades Training Institute, pa DMI-St. Eugene University, ndi pasukulu ya anamwino ya pa Chipata Central Hospital. Aliyense wa iwowa afuna pogona, pophikira ndi poyanika zovala. Ndiye wokhala ndi kamalo kotsala papuloti pake amaitana womanga.

Ntchito ya bambo aja inayambira kutali ndi pulotiyo, ku uvuni wa njerwa kunja kwa tauni. Sanalole kuti njerwa azingowabweretsera. Anapita okha, n'kumatola ziwiriziwiri, kuziombanitsa pafupi ndi khutu. Njerwa yopsa bwino imalira kuti ngwee, ngati khasu lagunda mwala. Yosapsa imangoti phu, ndipo mukaikanda ndi chikhadabo imasiya fumbi pachala.

Kuti mumvetse chimene ankamvetsera, muyenera kudziwa mmene njerwa imabadwira. Oumba amakumba dothi, makamaka la pachulu, kulithira madzi kuti ligone, m'mawa mwake n'kuliponda ndi mapazi mpaka litalendera bwino. Dothi likachuluka dongo njerwa imang'aluka pouma. Likachuluka mchenga imanyenyeka. Chikombole amachiviika m'madzi, kuchidzaza matope, kusalaza pamwamba ndi dzanja, n'kukachikhuthula pabwalo losesa. Njerwa zaziwisi amazifunditsa udzu kuti dzuwa lisaziumitse mwadzidzidzi. Zikauma amazisanja uvuni, kusiya makomo a moto m'munsi, n'kumata kunja konse ndi matope kuti kutentha kusathawe. Moto woyamba umakhala wofatsa, wongotulutsa chinyezi, ndipo utsi wake ndi woyera. Kenaka ndiye amasonkhezera zipika zikuluzikulu, usana ndi usiku, osagona. Choncho uvuni umodzi umabala ana osiyana. Njerwa za pafupi ndi makomo zimatuluka zakuda, zina zopindika, koma zolimba ngati mwala. Za m'katikati ndizo zofiira bwino. Za m'mbali, kumene moto sunafike kwenikweni, zimakhala zotuwa ndi zofewa.

Amisiri aja anazigawa milu itatu. Zakuda anazisungira maziko, kumene kukongola kulibe ntchito koma chinyezi n'chambiri. Zofiira anaziika pamakoma akunja, omenyedwa ndi mvula. Zotuwa zochepa zimene zinkalirako pang'ono anazilola kulowa m'makoma ogawa zipinda, zotsalazo n'kuzisiya komweko. Njerwa iliyonse inapatsidwa ntchito yolingana ndi mphamvu zake khoma lisanayambe n'komwe.

Chipata wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo amene anaonapo madzi akutsika m'mbali mwa phiri la Kanjala mvula ya Januwale itagwa amadziwa kuti puloti ya pamtsetse siimangidwa mwachibwana. Tsiku lonse loyamba bambo aja sanagwire njerwa. Anakhoma zikhomo, kukoka zingwe, kuyeza, kuzula, kukhomanso. Pofuna ngodya yolungama ankayeza mamita 3 pa chingwe chimodzi, mamita 4 pa chinzake, n'kuona ngati pakati pa zizindikiro ziwirizo pali mamita 5 ndendende. Ana a sukulu amaidziwa nkhani imeneyi ndi dzina la Pythagoras. Iwo amangoti ndi 3, 4, 5. Atatha anayezanso mopingasa, kuchokera ngodya iyi kukafika ngodya ya kutsidya, mbali zonse ziwiri, ndipo miyeso iwiriyo italingana ndi pamene analola mnyamata kuwaza phulusa m'munsi mwa zingwe kuti okumba atsate.

Msinkhu anautenga ndi paipi yopyapyala yoonekera m'kati, yodzaza madzi. Munthu mmodzi agwira mbali iyi, wina mbali iyo, ndipo pamene madzi aima uku ndi pomweponso aima uko, ngakhale pakati patakhala mulu wa mchenga. Ngalande ya maziko sanaikumbe motsetsereka kutsata nthaka. Anaidula masitepe, sitepe iliyonse yathyathyathya pansi pake, ndipo kutalika kwa sitepe ankakuwerengera kuti kukwane mizere ya njerwa yathunthu, kuti mzere wochokera kumtunda ukakumane ndi wakumunsi popanda kuduladula tizidutswa. Kumtunda kwa nyumba anasiya malo a ngalande yoyala miyala, yoti izilandira madzi a m'phiri n'kuwalambalalitsa. Miyala yake ndi ija amayi amaswa ndi nyundo m'mphepete mwa misewu, n'kuigulitsa pa wilibala. Pamwamba pa maziko anayala pulasitiki wakuda kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo zonsezi zinakwiririka pansi pomwe palibe adzazionenso.

Tsopano tifike pangodya. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanayambe kuluma, ankayamba ndi ngodya ziwiri za khoma limene akufuna kukweza tsikulo. Ankakweza mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, mzere uliwonse wofupikirapo kuposa wapansi pake, kotero kuti ngodyayo inkaoneka ngati makwerero. Apa sankafulumira ayi. Njerwa ikakhala, levulo pamwamba, levulo kumbali iyi, levulo kumbali inayo, kenaka kugogoda pang'ono ndi chogwirira cha mpeni mpaka kadontho ka m'galasi kataima pakati pa timizere tiwiri. Pambali pake ankaimika thabwa lolembedwa zizindikiro zotalikirana mofanana, kuti mzere wachisanu wa ngodya iyi ukhale msinkhu umodzi ndi mzere wachisanu wa ngodya inayo. Ngodya ziwiri zikatha, ankakoka chingwe pakati pake, kuchimangirira pa misomali, kuchikunga mpaka chizilira akachidina ndi chala.

Kuchokera apo manja ankathamanga, ndipo apa ndi pamene ndinkaiwala kuti ndili ndi kopita. Mpeni ulowa m'daka, utuluka ndi mlingo wokwanira njerwa ziwiri kapena zitatu, uyala ndi kukoka kumodzi, nsonga yake n'kudutsa pakati kusiya kamkwasa. Nthawi yomweyo dzanja lamanzere latola kale njerwa, laitembenuza m'mwamba kufuna nkhope yabwino yoti iyang'ane kunja. Kumutu kwa njerwa apaka daka, aikhazika, aikankhira kwa inzake, aidina. Daka lotuluka m'mbali alimweta ndi mpeni lisanagwe, lomwelo n'kukhala lopaka kumutu kwa njerwa yotsatira. Pansi pa khoma lawo panali poyera, moti mukadasesa tsiku lonse simukadadzaza fosholo.

Luso lenileni lili pa ichi: njerwa zoumba pamanja sizilingana. Ina inafota kwambiri pouma, ina chikombole chake chinali chakutha, ina inapindika pamoto. Wogwiritsa ntchito njerwa za kufakitale amangoyala daka lofanana, pafupifupi sentimita imodzi, n'kumapita. Wa njerwa za ku uvuni amayeza njerwa iliyonse ndi chikhatho m'kanthawi kamene waitola, n'kudziwiratu kuti iyi ifuna daka lochulukirapo pansi, iyo lochepa, kuti pamwamba pa zonse pathere pa chingwe. Kusiyana konse kwa njerwa kumamezedwa ndi daka, ndipo mzere umatuluka wowongoka ngati kuti njerwazo zinabadwa tsiku limodzi. Amayang'aniranso kuti mpata wa pakati pa njerwa ziwiri ugwe pakati pa njerwa yapansi pake. Mipata ikasanjikizana, mng'alu wapeza njira, ndipo udzatsika nayo kuchokera kudenga mpaka pansi.

Mnyamata wa daka nayenso anali ndi sukulu yake. Muyeso wa amisiri aja unali thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 pa mawilibala 3 a mchenga, ndipo wilibala yake inali yosadzaza mpaka kupanga phiri. Mchenga ankauyesa poufinya m'manja: ukasiya matope pachikhatho ndiye kuti uli ndi dothi, sugwirana bwino ndi simenti. Ankayamba kusakaniza zouma, kutembenuza ndi fosholo mpaka mtundu ukhale umodzi, madzi n'kubwera pambuyo pang'onopang'ono. Daka labwino limatsetsereka pa mpeni koma silichucha. Sankakanda lambiri nthawi imodzi, chifukwa m'dzuwa la Okutobala limayamba kugwira msanga, ndipo lotsitsimutsa ndi madzi litauma kale mphamvu zake zimakhala zitapita. Ntchito ina ya mnyamatayo inali kuthira madzi pamulu wa njerwa. Njerwa youma ili ndi ludzu. Imayamwa madzi a m'daka simenti isanagwire, khoma n'kumaoneka lolimba pamene m'kati mwake muli ufa.

Dzuwa likapendeka, amisiri ankamupatsa mpeni kuti ayale mizere ingapo pakhoma lam'kati. Tsiku lina mnyamatayo atayala njerwa zinayi anabwerera m'mbuyo monyadira.

"Amdala, taonani. Zakhala?"

Iwo sanatenge levulo. Anangowerama, kuyang'ana motsata chingwe.

"Chotsa yachitatuyo, mphwanga. Yakankha chingwe."

Lamulo lake ndi limenelo: njerwa iyandikire chingwe koma isachikhudze, pakhale kampata koti tsitsi n'kudutsa. Imodzi ikachikankha, zonse zotsatira zimatsata bodza lakelo, khoma n'kutuluka mimba. Mnyamata anachotsa njerwa ija, kupala daka, kuyalanso. Amisiri ambiri a m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Nabvutika anadutsa njira imeneyi, kuyambira pa fosholo kufika pa mpeni, ena pambuyo pake n'kukayesedwa mayeso a TEVETA kuti akhale ndi pepala loonetsa pofuna ntchito zikuluzikulu. Pepalalo ndi lofunika, koma diso loona njerwa yokankha chingwe uli chiimire limabwera ndi zaka.

Vuto lalikulu la womanga wa mtundu uwu ndi thumba la mwini nyumba. Simenti imayenda ulendo wautali isanafike ku Chipata: ya ku Chilanga, fakitale imene inakhazikitsidwa mu 1949 pafupi ndi Lusaka, imadutsa makilomita oposa 500, ndipo ya Dangote yochokera ku Masaiti imachokera kutali koposa apo. Mtunda wonsewo umalowa mu mtengo. Ndiye tsiku lina amayi aja anaima pafupi ndi matumba otsala, kuwawerenga, n'kupuma mozama.

"Abambo, simentiyi ikuthatu msanga. Sitingawonjezereko mchenga pang'ono?"

"Amayi, pa daka ndi pa lintala pokha ayi. Tikafuna kupulumutsa ndalama, tidikire pa pulasitala wakunja. Khoma ili likhoza kukhala chaka losapaka."

Mmisiri wabwino amadziwa pamene nyumba ingapirire umphawi ndi pamene singapirire. Penti angadikire, siling'i angadikire, matailosi angadikire. Koma lintala, lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko, umene umamanga makoma onse kukhala thupi limodzi, sachitirapo chinyengo. Anamanga zitsulo zake ndi waya, kuzikweza pa timiyala kuti konkire izikute mbali zonse zisadzachite dzimbiri, n'kumasinja konkireyo ndi ndodo kuti musatsale mphako. Kenaka masiku 7 otsatira mnyamata ankakwera m'mawa ndi madzulo kukathira madzi. Anthu ambiri amaganiza kuti konkire imalimba pouma. Imalimba pomwa madzi, ndipo mphamvu zimene akatswiri amawerengera imazifika patatha masiku 28. M'mwezi umene madzi ndi ogula pa chigubu, kuthirira khoma kumaoneka ngati misala, koma iwo sanalumphe tsiku.

Pali funso limene wokonda njerwa zootcha sangalithawe: uvuni umadya mitengo. Aliyense wokumbukira mmene mapiri a Chipata analili kale amaona kusiyana kwake. Kutsidya kwa malire, boma la Malawi linakhazikitsa malamulo mu 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo kuno nakonso mabuloko a simenti akuchuluka, moti m'mbali mwa misewu mumaona mizere yawo ikuuma padzuwa. Bambo aja amamanga ndi zonse ziwiri. Buloko ndi lolemera, limatopetsa msana, koma khoma limakwera msanga ndipo daka limalowa lochepa. Nalonso amaliyesa asanalilandire, chifukwa woumba wadyera amatulutsa mabuloko ochuluka pa thumba limodzi, ndipo otere amanyenyeka m'mphepete ukangowagwira. Chimene sichisintha ndi dongosolo la ntchito: ngodya poyamba, chingwe pambuyo, pakati pomalizira. Mitengo ikadzapulumuka chifukwa cha mabuloko, luso limeneli silidzafa nawo uvuni.

Chinthu china bambo aja anachitenga kwa akale. Mukayenda ku Down Shops, kumene kuli masitolo a amwenye a masiku a Fort Jameson, muona makonde otambalala amene amatchinga khoma ku mvula ndi dzuwa. Amisiri aja anaumirira kuti mdadada wawo ukhale ndi khonde kutsogolo ndiponso malata atuluke mokwanira kumbuyo. Khoma losanyowa limakhalitsa. Komanso ankadziwa amene adzakhalemo: mwana wa sukulu afuna poika mbaula, pokhala ndi buku m'chipinda mukatentha, poimika njinga.

Pomaliza pulasitala anabwera n'kuphimba zonse zam'kati. Njerwa zosankhidwa ndi khutu zija, mipata yosasanjikizana ija, daka lomeza kusiyana kwa njerwa lija, zonse zinalowa pansi pa simenti yosalala. Odziwa kuwerenga ntchito yobisikayo anatsala ochepa. Kalipentala anaidziwa pokhoma denga, poona kuti mitanda ikukhala yokha popanda kuikira tizipapati pansi. Wopaka pulasitala anaidziwa chifukwa sanafunike kunenepetsa pena kuti abise mimba ya khoma. Woika matailosi, tsiku limene ndalama zake zidzapezeke, adzaidziwa poona kuti mzere wake womaliza sukutha ngati mphero. Mtsikana wochokera ku Chadiza amene adzalowe m'chipinda chachitatu ndi katundu wake sadzadziwa chilichonse cha izi. Adzangoona kuti chitseko chimatsekeka osakhula pansi, ndi kuti mvula ya Januwale ikamatsika m'phiri, mabuku ake ali pansi pa bedi ndi ouma.

Khoma lakumapeto kwa mdadada ndilo linandichititsa chidwi kuposa onse. Pamene khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo zinathera, amisiri sanadule mosalala. Anasiya njerwa zotuluka theka, mzere uwu yotuluka, wotsatira yolowa, kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndi nsonga za waya zikusuzumira m'mipata. Omanga amati amenewo ndi mano. Nyumba zambiri za mu Chipata zimamangidwa motero, pang'onopang'ono: chaka chino kufika pawindo, chaka chamawa pa lintala, malata akadzagulitsidwa fodya kapena soya. Amayi aja ndalama zinawathera pa chipinda chachisanu ndi chimodzi, koma puloti ikadalipo, ndipo Januwale aliyense ana atsopano amatsika basi ndi zikwama zawo. Lendi ya zipinda izi ikadzasonkhana, wina adzabwera kudzalumikiza chachisanu ndi chiwiri pa mano amenewo. Mwina adzakhala bambo omwewa, mwina mnyamata uja atagula mpeni wakewake. Adzaika levulo pa njerwa zotulukazo, ndipo kadontho kadzaima pakati.